Kompyuta yasiya kuona khadi la netiweki chigwereni mvula yamabingu, ndithandizeni

Bambo a Chisomo:
Akuluakulu, muli bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera ndi vuto lomwe landiimitsira ntchito. Ndili ndi kashopu kopulinta ndi kufotokopa pa Mponela, ndipo kompyuta yomwe ndimalandirirapo zinthu za makasitomala yasiya kulowa pa intaneti. Intanetiyo timagawana ndi achimwene anga omwe ali ndi golosale m'nyumba yoyandikana nafe. Router ili kwa iwowo, ine ndinakoka waya kudutsa pamwamba pa denga mpaka kwanga. Sabata yatha usiku kunagwa mvula yamphamvu yamabingu, magetsi anazima, ndipo m'mawa mwake kompyuta inayaka bwinobwino koma intaneti kunalibe. Mafoni akulowabe pa WiFi ya router yomweyo popanda vuto. Mnyamata wina wokonza makompyuta kuno anati Windows ndi yomwe yawonongeka, n'kuika ina, koma palibe chasintha. Ndikalowa mu Settings mawu akuti Ethernet sakuoneka n'komwe. Ana asukulu ndi anthu ofunsira ntchito akungobwerera ndi makalata awo m'mafoni. Ndiyambire pati?

Nankhoma:
Pepani bambo a Chisomo. Musagule kalikonse kaye, ndipo musalole kuti aikenso Windows kachiwiri. Pali mavuto awiri omwe kwa wogwiritsa ntchito amaoneka chimodzimodzi, koma kakonzedwe kake n'kosiyana kotheratu. Nthawi zina kompyuta imakhala ikuliona khadi la netiweki koma ilibe driver yoti iliyendetsere. Nthawi zina sikuliona konse, ngati kuti mulibemo. Tiyenera kudziwa kuti lanu ndi liti.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe devmgmt.msc, kenako Enter. Patseguka Device Manager. Tsegulani pomwe palembedwa Network adapters mutiuze zonse zili m'munsi mwake. Kenako muyang'ane ngati pali gawo la Other devices, ndipo ngati muli chilichonse chokhala ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, mutiwerengere dzina lake.

Mphatso:
Mwina ndi waya chabe. Waya wodutsa padenga dzuwa ndi mvula zimaumaliza. Mwayesa kuika wina?

Nankhoma:
A Mphatso, wayayo tidzamuona, koma si amene angachititse kuti Ethernet isowe mu Settings. Ngakhale mutazula waya n'kuutaya, khadi lamoyo limaonekabe, Windows imangonena kuti Network cable unplugged. Apa khadi lenilenilo ndi lomwe lasowa.

Bambo a Chisomo:
Ndachita monga mwanenera mayi Nankhoma. Pansi pa Network adapters pali zinthu zingapo koma zonse zikuyamba ndi mawu akuti WAN Miniport. Pa Other devices pali ziwiri zachikasu, china PCI Simple Communications Controller, china SM Bus Controller. Kodi khadilo ndi chimodzi mwa zimenezi? Kumbuyo komwe kumalowa waya kunkathwanima timagetsi tiwiri, tobiriwira ndi tachikasu, pano tonse tazima.

Phiri wa ku Joni:
Moni achimwene. Ayi, pa ziwirizo palibe khadi la netiweki. SM Bus Controller ndi ya chipset ya motherboard, ndipo PCI Simple Communications Controller pa makompyuta a Intel nthawi zambiri imakhala Management Engine. Zonsezo zangosowa ma driver chifukwa Windows yaikidwa kumene, sizikukhudza nkhani yathu. Za WAN Miniport zija si zipangizo zenizeni, Windows imadziikira yokha.

Khadi likanakhala kuti likuoneka koma lilibe driver, mukanaona mawu akuti Ethernet Controller pa Other devices pomwepo. Ndiye monga anenera mayi Nankhoma, lanu ndi vuto lachiwiri lija. Komabe tisalitaye msanga, pali zinthu ziwiri zosalipira zoti muyese.

Choyamba chitani ichi. Zimitsani kompyuta, zulani waya wamagetsi kumbuyo kwa CPU, muzulenso waya wa netiweki. Dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, kenako muisiye kwa mphindi zingapo isanalumikizidwe. Chifukwa chake n'chakuti khadi la netiweki la pa motherboard silizimiratu kompyuta ikazimitsidwa, limalandirabe kamphamvu pang'ono kuti lizitha kudzutsa kompyuta kudzera pa netiweki. Magetsi akazima mwadzidzidzi limatha kukakamira pakati, osagona osadzuka, ndipo restart wamba salithandiza chifukwa kamphamvu kaja sikachoka. Ndaona makhadi ambiri akubwerera ndi njira imeneyi kuno kushopu.

Chachiwiri ndi BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard komwe kamayamba kugwira ntchito Windows isanayambe. Kompyuta yanu ndi ya mtundu wanji?

Bambo a Chisomo:
Ilibe dzina looneka achimwene, ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe. Bokosi lake ndi laling'ono lopyapyala, lomwe mutha kuligoneka pa tebulo n'kukhazikapo sikirini.

Phiri wa ku Joni:
Chabwino. Mukangoyatsa, isanafike pa Windows, muzidina Del kapena F2 mobwerezabwereza. Pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, pa ma desktop a Lenovo ndi F1, koma yanuyo yesani Del kaye. Mukalowa mufufuze mawu onga Onboard LAN, Integrated NIC kapena LAN Controller. Amakonda kukhala pansi pa Advanced, Integrated Peripherals kapena Onboard Devices. Pakhale Enabled. Muonenso tsiku ndi nthawi zomwe BIOS ikusonyeza. Zikakhala zabwerera zaka zambuyo, ndiye kuti kabatire ka pa motherboard katha, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka mavolti 3. Kakatha BIOS imaiwala zomwe inasungidwa nazo.

Mphatso:
Ine ndikanati mupange fulashi ya Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, muyatsire kompyuta pa fulashiyo osaika kalikonse, mutsegule Terminal mulembe lspci. Imatulutsa chilichonse chomwe chili pa PCI, njira yomwe zipangizo monga khadi la netiweki zimalumikizirana ndi motherboard. Ethernet controller ikapanda kuoneka pamenepo ndiye mwatsimikiza kuti vuto si Windows.

Nankhoma:
Maganizo anu ndi abwino a Mphatso, ndipo kusukulu komwe ndimayang'anira makompyuta fulashi yotero sindiyenda popanda. Koma taganizirani bambowa. Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB, ndipo akaitsitse pa foni ndi bandulo yawo, kompyuta ina yopangira fulashi alibe. Komanso Windows imawerenga zipangizo za pa PCI mofanana ndi Linux, chipangizo chikayankha chimalembedwa mu Device Manager kaya driver ilipo kaya palibe. Umboni ndi zachikasu ziwiri zija, zilibe driver koma zaoneka. Ndiye yankho lomwe lspci ingatipatse tili nalo kale.

Mphatso:
Ndamva mayi. Nkhawa yanga inali pa Windows yomwe aikayo. Anyamata ambiri akuika zija zochepetsedwa zomwe anthu amachotsamo zinthu kuti zizithamanga pa makompyuta akale, ndiye sumadziwa kuti achotsamo chiyani.

Nankhoma:
Pamenepo mwanena zoona, ndipo tibwererapo. Koma ngakhale zochepetsedwazo zimachotsa ma driver, sizichotsa kuwerenga kwa PCI, apo ayi kompyuta siyikanayaka n'komwe.

Bambo a Chisomo:
Ndayesa zonse ziwiri. Ndinazula mawaya, ndinadina batani, ndinadikira, palibe chasintha. Mu BIOS ndalowa ndi Del. Onboard LAN ili pa Enabled, tsiku ndi nthawi zili bwino. Ndinaika Disabled, kusunga, kuyatsanso, kubwezera Enabled, komabe mu Device Manager mulibe chatsopano.

Che Saidi:
Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga chete chifukwa za Windows si mbali yanga, ine ndi wamagetsi kuno ku Mangochi. Koma bambo a Chisomo, pomwe munangonena kuti waya wadutsa padenga kuchoka nyumba ina kupita ina, ndipo kunali mabingu, mtima wanga unadziwa kale. Khadi limenelo lapsa.

Anthu ambiri amaganiza kuti mphenzi iyenera kugwa panyumba penipeni kuti iwononge zinthu. Sichoncho. Ikagwa pa mtengo kapena pa polo chapafupi, waya aliyense wamkuwa wotalika yemwe ali panja amatola mphamvu kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo mphamvuyo imathamangira kumapeto onse awiri a wayayo. Kumapeto kwina kuli router, kwina kuli kompyuta yanu. Chinanso, nyumba ziwirizo chilichonse chili ndi earth yakeyake. Mphenzi ikalowa m'nthaka, nthaka ya pansi pa golosale ndi ya pansi pa shopu yanu sizikhala pa mlingo umodzi wa mphamvu, ndipo chomwe chalumikiza nyumba ziwirizo ndi kawaya kanuko.

Kuseri kwa port ya Ethernet kuli timathiransifoma ting'onoting'ono tolekanitsa waya ndi motherboard, ndipo malamulo a Ethernet amafuna kuti tipirire mavolti 1500. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku n'zokwanira. Pa mphenzi n'zochepa. Mphamvu ikalumpha pamenepo imapeza chip ya netiweki n'kuiotcha, kompyuta yonse n'kutsala yamoyo. Nthawi zambiri simuona chakuda kapena kumva fungo, chip imangosiya kuyankha. Muthokoze kuti yathera pomwepo, chifukwa ndaonapo zina zitapita ndi motherboard yonse.

Phiri wa ku Joni:
Che Saidi anena zomwe ndimaopa kunena. Kuno ku Johannesburg nyengo yamvula mphenzi ndi zoopsa, ndipo makompyuta ofika kushopu ndi vuto limeneli amachuluka miyezi imeneyo. Zizindikiro zake ndi zomwezi: BIOS ikuti Enabled, timagetsi tazima, Device Manager mulibe kanthu. Chip imeneyo ndi yowotcherera pa motherboard, kuisintha kumafuna zida ndi luso, ndipo mtengo wake sugwirizana ndi kompyuta yakale. Njira yabwino ndi kuika khadi lina.

Bambo a Chisomo:
Zandipweteka koma ndamva. Ndiye kuti kuika Windows ina kuja kunali kosafunika, ndipo mapulogalamu anga opangira makadi aukwati ndi ziphaso anapita nazo. Khadi linalo ndi lotani, ndikafunse chiyani kusitolo? Mawa ndikwera minibasi kupita ku Lilongwe.

Nankhoma:
Muli ndi njira ziwiri. Yosavuta ndi kachipangizo ka USB to Ethernet, mbali ina kamalowa pa USB, mbali ina mumalowetsa waya wa netiweki. Simutsegula kompyuta. Mukasankha kameneka funsani kolembedwa Gigabit ndi USB 3.0. Tabwino timakhala ndi chip ya Realtek RTL8153 kapena ASIX AX88179. Totchipa kwambiri topanda dzina tina timayenda pang'onopang'ono ndipo timadukaduka, pa bizinesi tingakutopetseni.

Koma ineyo pa kompyuta yapashopu, yomwe imayaka tsiku lonse ndipo anthu amalowetsa ndi kuzula mafulashi kosalekeza, ndingasankhe khadi lolowa m'kati, la PCIe. Silitenga port ya USB, silizuka munthu akagunda tebulo. Musananyamuke tsegulani bokosi, mutazula magetsi, mujambule motherboard mutitumizire. Tione ngati muli slot ya PCIe. Pali ma slot akale a PCI, aataliko ndipo nthawi zambiri oyera, ndi a PCIe, ena afupiafupi ena aatali okhala ndi kotsekera kumapeto. Khadi la PCI silingalowe mu PCIe.

Phiri wa ku Joni:
Ndipo chifukwa mwati bokosi ndi lopyapyala, munene kuti mukufuna khadi lokhala ndi low profile bracket. Ndi kachitsulo kakafupi kogwirira khadi kumbuyo kwa bokosi. Makhadi ambiri amabwera atamangidwa kachitsulo kakatali, kakafupi kali padera m'katoni. Mutsegule katoniyo pomwepo musanalipire.

Nachisale:
Pepani kulowerera. Ine laputopu yanga WiFi ndi yomwe yasowa, kodi njira zake ndi zomwezi?

Nankhoma:
Poyambira ndi pomwepo achemwali, Device Manager. Kusiyana kwake n'kwakuti khadi la WiFi lopanda driver limaoneka ngati Network Controller, osati Ethernet Controller. Muonenso ngati Airplane mode siyoyatsa komanso batani la WiFi pa kiyibodi. Yambitsani nkhani yanu payokha mutiuze mtundu wa laputopu, kuti tisasokoneze ya bambowa.

Bambo a Chisomo:
Ndabwerako akuluakulu. Ndagula khadi la PCIe, pakatoni palembedwa Gigabit. Ndaliika mu slot yaifupi ija munaiona pa chithunzi, ndayatsa, koma Device Manager ili chimodzimodzi. Palibe Ethernet Controller, palibe chatsopano. Kodi ndiye kuti andigulitsa lakufa, kapena mphenzi inawononganso slot?

Phiri wa ku Joni:
Musataye mtima achimwene. Tijambulireni m'mene lakhalira, chithunzi chochokera m'mbali kuti tione pomwe khadi lakumana ndi slot.

Bambo a Chisomo:
Ndatumiza. Chivundikiro cha bokosi sindinatseke chifukwa kachitsulo kakutulukira pamwamba.

Phiri wa ku Joni:
Ndaona, vuto ndi limenelo. Khadi lili ndi kachitsulo kakatali, ndipo phazi lake lagunda pansi pa bokosi khadi lisanalowe mokwanira. Pa chithunzipo timano tagolide tija tikuoneka theka lonse kunja kwa slot, ndiponso khadi lapendekeka. Timano timeneto tikapanda kukhudza tonse, motherboard siidziwa kuti mwaikamo kanthu.

Yang'anani m'katoni, kachitsulo kakafupi kayenera kukhalamo. Zimitsani kompyuta, zulani waya wamagetsi, dinani batani loyatsira kuti mphamvu yotsalira ithe. Gwirani kaye chitsulo cha bokosi ndi dzanja musanakhudze khadi, ndipo muziligwira m'mbali, osati pa timano. Masulani tizomangira tiwiri togwira kachitsulo kakatali, mumange kakafupi. Kenako kanikizani khadi molunjika ndi zala ziwiri mpaka golide yense abisike. Likakanabe kuoneka, lisamutsireni mu slot yaitali ija. Khadi la x1, la slot yaifupi ngati lanulo, limagwira ntchito mu slot yaitali ya x16 popanda vuto, limangogwiritsa mbali yakutsogolo, kwinako n'kutsala.

Che Saidi:
Ndiwonjezere kuti ngati slot ili ndi fumbi, muipepese ndi kaburashi kouma. Mashopu apamsewu fumbi limalowa kwambiri. Musapemerere ndi pakamwa, chinyezi sichifunika mmenemo.

Bambo a Chisomo:
Kachitsulo kakafupi kanalimo, kanali pansi pa kapepala. Ndasintha, khadi lalowa lonse, bokosi latsekeka. Tsopano pa Other devices pabwera chachitatu, Ethernet Controller, chachikasu! Ndikachitsegula chikuti The drivers for this device are not installed, Code 28.

Nankhoma:
Eya, tafika pabwino. Tachoka pa vuto lachiwiri lija tabwera pa loyamba, ndipo ili ndi lokonzeka. Kompyuta ikuliona khadi, yangosowa driver.

Tsopano tidziwe chip yomwe ili pa khadilo, chifukwa dzina la pakatoni nthawi zambiri silithandiza. Makampani ambiri amangogula chip kwa opanga ochepa n'kumata dzina lawo. Dinani Ethernet Controller kawiri, pitani pa Details, pa Property musankhe Hardware Ids. Mutilembere mzere woyamba. Muona VEN ndi manambala kapena zilembo zinayi, kenako DEV ndi zina zinayi. VEN ikutiuza kampani yopanga chip: 10EC ndi Realtek, 8086 ndi Intel, 14E4 ndi Broadcom. DEV ikutiuza mtundu wa chip yake.

Bambo a Chisomo:
Palembedwa PCI\VEN_10EC&DEV_8168 ndi zina zotsatira. M'katoni munali kachimbale kakang'ono koma kompyuta yanga ilibe polowetsa chimbale.

Mphatso:
Imeneyo ndi Realtek ya banja la RTL8111 ndi RTL8168, yofala kwambiri padziko lonse. Ndipo apa ndi pomwe nkhawa yanga ija yaonekera. Windows 10 yeniyeni imabwera ndi driver ya chip imeneyi m'kati mwake, mukangoika khadi limayamba lokha. Ngati yanu ikuti Code 28, mwina ndithu anakuikirani yochepetsedwa.

Nankhoma:
Mwalondola a Mphatso. Koma choyamba tiwabwezere intaneti.

Bambo a Chisomo, tengani foni yanu, mulowe pa WiFi ya achimwene anu. Pitani pa tsamba la Realtek lenilenilo, realtek.com, mufufuze driver ya PCIe GbE Family Controller ya Windows 10. Ngati kampani yolembedwa pakatoni ili ndi tsamba lake, kumenekonso mutha kutenga. Chonde musatsitse timapulogalamu tomwe timalonjeza kukupezerani ma driver onse pakamodzi, tomwe timatsogola mukafufuza pa Google. Tambiri timabwera ndi zotsatsa malonda ndi zinthu zina zosafunika, ndipo kompyuta yanu imasunga zikalata za anthu, ziphaso zawo ndi makalata awo.

Fayilo ibwera ngati zip. Lumikizani foni ku kompyuta ndi waya wa USB, pafoni musankhe File transfer, mukopere fayiloyo pa Desktop. Dinani kumanja musankhe Extract All, musayendetse setup ili m'kati mwa zip. Mukamasula, tsegulani setup. Ikakana, bwererani mu Device Manager, dinani kumanja pa Ethernet Controller, Update driver, Browse my computer for drivers, muloze foda yomwe mwamasulayo ndipo Include subfolders pakhale pochonga.

Phiri wa ku Joni:
Njira ina ndi USB tethering pa foni ya Android. Foni imagawira kompyuta intaneti kudzera pa waya wa USB, kenako Windows Update imadzipezera driver yokha. Koma pa Windows yochepetsedwa Update imakhala yotsekedwa kawirikawiri, ndiye tsatani ya mayi Nankhoma.

Bambo a Chisomo:
Driver yalowa. Pa Network adapters tsopano palembedwa Realtek PCIe GbE Family Controller, kopanda chachikasu. Ethernet yabwerera mu Settings. Koma ikuti Network cable unplugged chonsecho waya ndalowetsa pa khadi latsopanolo mpaka kulira kuti thapu. Timagetsi take sitikuyaka.

Che Saidi:
Mukumbukire ndinati mphamvu ija imapita kumapeto onse awiri. Pitani kugolosale, muone port yomwe waya wanu walowa kumbuyo kwa router. Muuzule muulowetse pa port ina ya LAN. Musaike pa yolembedwa WAN kapena Internet.

Mphatso:
Zikakanika pamenepo, nyamulani CPU mupite nayo pafupi ndi router muyese ndi kawaya kakafupi komwe kanabwera ndi router. Mukatero mudziwa ngati vuto ndi waya wapadenga uja.

Bambo a Chisomo:
Che Saidi, zinali choncho ndithu. Waya unali pa LAN1. Ndausamutsira pa LAN2, pobwerera ndapeza timagetsi tikuthwanima ndipo intaneti yalowa! LAN1 ndayesanso, ndi yakufa. Ndapulinta kale makalata a anthu awiri omwe amadikira. Mulungu akudalitseni nonse. Funso limodzi lokha: pa Status pakuti Speed 100 Mbps, koma khadi ndi la Gigabit. Pali cholakwika?

Phiri wa ku Joni:
Takondwa nanu achimwene. Za 100 Mbps zisakudetseni nkhawa kwambiri. Khadi ndi router zimagwirizana pa liwiro lomwe zonse zingakwanitse, ndipo ma router ambiri apanyumba ma port awo ndi a 100 basi. Onani pakapepala ka pansi pa router kapena m'kabuku kake. Ngati router ndi ya Gigabit, ndiye wokayikitsa ndi waya. M'kati mwake muli timawaya 8. Liwiro la 100 limangogwiritsa tinayi, ta pa 1, 2, 3 ndi 6, pomwe Gigabit imafuna tonse. Kamodzi kakaduka kapena kakapanda kugwira bwino m'kamutu ka RJ45, netiweki imatsikira pa 100 yokha. Utali wa waya usapitirirenso mamita 100. Koma pa ntchito yanu yolandira zikalata, 100 ndi yokwanira, intaneti yomwe ikulowa mu router mwina siifika n'komwe pamenepo.

Chinanso, mu BIOS muike Onboard LAN yakufa ija pa Disabled, isamasokoneze. Ndipo mu Device Manager, pa khadi latsopanoli, pa Power Management, chotsani chonga pa Allow the computer to turn off this device to save power.

Che Saidi:
Ine nkhawa yanga ikadalipo, chifukwa waya uja ukadali padenga ndipo mvula sinathe, tili nayo mpaka Malichi kapena Epulo. Chomwe chapha khadi loyamba chiphanso lachiwiri.

Kuyambira lero, mukamatseka shopu madzulo muzizula waya wa netiweki kumbuyo kwa kompyuta, achimwene anu azizulanso mbali ya router. Masana mukamva mabingu akuyandikira chitani chimodzimodzi, ndipo muzule msanga asanafike pamutu, osagwira mawaya mphenzi zili pakati. Kuzimitsa kompyuta kokha sikuteteza, mphamvu imadutsabe. Ma extension aja olembedwa surge protector amateteza mbali ya magetsi yokha, waya wa netiweki amaulambalala.

Zilipo zotetezera za Ethernet zomwe zimaikidwa pomwe waya walowera m'nyumba, mbali zonse ziwiri, koma zimagwira ntchito pokhapokha zitalumikizidwa ku earth yabwino. Popanda earth mwangotaya ndalama. Pezani wamagetsi wodziwa ntchito ayeze earth ya nyumba zonse ziwiri. Koma chomwe ndingakonde kwambiri n'chakuti pakati pa nyumba ziwirizo pasakhale mkuwa konse. Mwati mafoni akugwira WiFi ya kugolosale muli m'shopu mwanu. Ndiye kachipangizo ka WiFi ka USB, kapena repeater (kachipangizo kolandira WiFi n'kuifalitsanso) yokhala ndi port ya LAN yoikidwa m'shopu mwanu, ingachotse wayayo padenga. Amene ali ndi ndalama amakoka fibre, chifukwa ndi galasi, mphenzi ilibe poyenda.

Nankhoma:
Ndikugwirizana ndi Che Saidi. Repeater yokhala ndi port ingakuyenereni, chifukwa khadi mwagulali muzigwiritsabe ntchito ndi kawaya kakafupi ka m'nyumba momwemo.

Tsopano za Windows zija tinasiya. Ntchito ikachepa, sungani mafayilo anu onse pa fulashi kapena hard disk ina, muike Windows yeniyeni yochokera kwa Microsoft. Yochepetsedwa simudziwa kuti anachotsamo chiyani kapena anaikamo chiyani, ndipo mumalowetsa mafulashi a anthu ambiri tsiku lililonse. Mudziwenso kuti Microsoft inathetsa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, chip yachitetezo yomwe makompyuta ambiri akale alibe. Tidzakambirana payokha kuti yanuyo ingalandire chiyani. Foda ya driver ya Realtek ija muikopere pa fulashi, tsiku lomwe mudzaike Windows ina idzakhale pafupi. Zachikasu ziwiri zotsala zija zimafuna driver ya chipset ndi ya Management Engine, mutitumizire Hardware Ids zake monga munachitira, tikulozerani.

Bambo a Chisomo:
Ndamva zonse. Driver ndaikopera kale pa fulashi, Onboard LAN ndaika Disabled. Ndalankhula ndi achimwene, tagwirizana kuti waya tizizula mbali zonse madzulo alionse mpaka titapeza repeater, kenako tidzautsitse padenga. Hardware Ids za ziwiri zotsalazo nditumiza ndikatseka shopu, pano pali mzere wa anthu.